Mabuleki Ampikisano pa Ukwati wa Luwiza

Mukadzafika pa Nchalo n'kumva akabaza akukuwa kuti "Moto! Moto!" pamene bambo wina wovala bwino akudutsa mwaulemu wake, musadzathawe. Kulibe moto. Akunena ine. Papita miyezi isanu ndi umodzi chichitikireni nkhaniyi, koma m'malo mozirala ikungonenepa. Ena akuti galimoto yanga inaphulika, ena akuti mkwatibwi anatulukira pa windo, ndipo mayi wina wogulitsa usipa anandifotokozera ine mwiniwake kuti dalaivala wake anathawira ku Mozambiki. Zaka zomwe ndinkalemba nkhani m'nyuzipepala zinandiphunzitsa kuti bodza ukalilekerera limabereka. Choncho nazi zoona zake mwa ndondomeko, ngakhale kuti zoonazo sizikundikomera kwenikweni.

Ndili ndi galimoto yofiira ya zitseko zinayi, yakale ndithu, yochokera ku Japan, yomwe mphamvu ya injini imapita ku matayala akumbuyo. Galimoto yotere ukaiponda bwino pa fumbi, kumbuyo kwake kumaterereka ndipo imayenda cham'mbali uku ikuzungulira. Anyamata a ku Blantyre masewerawa amati drifiti. Ine si mnyamata (zaka ndili nazo makumi anayi ndi zitatu, kamimba kanayamba kale kutsogola), komabe Lamulungu masana ndimapita pa dambo lina louma kuseri kwa minda ya thonje, n'kuzungulira kanayi kasanu, fumbi koboo, mtima n'kukhala m'malo. Ena amamwa, ena amaweta nkhunda. Ine ndi zimenezi.

Akazi anga, mayi a Tadala, galimotoyi sankaionera kukondwa. Mfundo zawo zinali zomveka: singanyamule matumba a mapira, mimba yake imakhuza pansi pa msewu wopita kwawo kwa Lundu, ndipo matayala akumbuyo amatha ngati sopo. Iwo ankafuna pikapu. Ndiye tsiku la ukwati wa mng'ono wawo Luwiza litadziwika kuti ndi Loweruka lina mu Okutobala, ndinaona mpata wotsuka dzina la galimoto yanga.

"Mkwatibwi ndidzanyamula ndine," ndinatero. "Galimoto yofiira, maliboni oyera. Kwa Lundu adzasimba mpaka chaka chamawa."

Mayi a Tadala anasiya kusankha nyemba n'kundiyang'ana.

"Bambo a Tadala, ndimvereni bwino. Luwiza akakafika pakhomo la tchalitchi pa galimoto yanuyi, bwinobwino, ikhala, ndipo sindidzaitchulanso. Koma ikakatichititsa manyazi pamaso pa akuchimuna, tikugulitsa tigule pikapu. Mwamva?"

"Ndamva."

"Kumva ndi kwina. Mwavomera?"

"Ndavomera."

Ndinavomera ndi mtima wonse, chifukwa galimotoyo inali ndi kavuto kamodzi kokha: mapadi a mabuleki anali atatha. Kwa osadziwa, mapadi ndi tizitsulo tiwiri tomatidwa zokhakhala, timene timapana disiki yozungulira kuseri kwa tayala kuti galimoto iime. Ndi tinthu tating'ono, tokwana m'thumba la jekete, koma moyo wa munthu umatsamira pamenepo. Lachinayi m'mawa ndinakwera phiri kupita ku Limbe kukagula atsopano.

Wogulitsa anali bambo wamagalasi, wodekha, ndipo ndinene pano kuti alibe mlandu uliwonse pa zomwe zinatsatira. Anandiyalira mabokosi atatu pa kauntala.

"Awa ndi wamba, opitira kuntchito ndi kumsika. Awa ndi apakati. Amagwira ngakhale ali ozizira, satopa potsika phiri, ndipo kwa munthu woyenda pamsewu n'kumaseweretsako pang'ono kumapeto kwa sabata, anu ndi amenewa. Achitatuwa musawayang'ane n'komwe. Ndi a mpikisano weniweni."

Munthu amene anazolowera kufunsa mafunso ukamuuza kuti asayang'ane chinthu, wamuitana. Bokosilo linali lakuda, lolemera, lojambulidwa malawi.

"Ali ndi vuto lanji?"

"Vuto alibe. Kungoti amafuna kutentha. Akakhala ozizira amagona, amalira, sagwira bwino. Akatentha ndiye amaluma ngati ng'ona."

Apa m'pamene nzeru inandifikira, ndipo ndikukumbukira kuti ndinamwetulira.

"Achimwene, mukudziwa komwe ndimakhala? Ku Chikwawa. Kwathu mwezi uno sitigona m'nyumba. Mbuzi zimabisala pansi pa malole. Kandulo amapindika yekha pa shelefu. Kutentha komwe anzathu a mpikisano amachita kukufunafunako, ife tili nako kwaulere."

"Bwana, kutentha kwake si kumeneko."

"Kutentha ndi kutentha."

Anayesanso kachiwiri, mwaulemu. Anayesa kachitatu, atavula magalasi. Kenaka anapukusa mutu n'kundikulungira bokosi lakuda lija. (Taganizani: munthu akukukaniza katundu wodula, akukulozera wotsikirapo mtengo, iwe n'kumaona ngati wam'pambana nzeru.) Amakaniko a pa galaja ina pafupi pomwepo anandimangira mapadiwo, ndipo atandifunsa ngati akale aja andiikire m'buti, ndinayankha mokweza kuti atayidwe, kumene ndikupita ine zakale sizifunika.

Tsopano tamverani mmene umboni umanamizira munthu wokonda umboni. Ndikutuluka mu Blantyre, kumtunda kozizira kuja, mabuleki anali ouma ngati ndikuponda njerwa, akulira pa mphambano iliyonse. Ndinayamba kutsika phiri lija la makona osatha. Kona yoyamba, ulesi. Yachisanu, ayamba kumva. Pakati pa phiri mpweya wolowa pa windo unayamba kufunda, mabuleki nawo akuthwa. Pofika pa Thabwa, mphepo ili ngati yochokera mu uvuni, ndinkangokhudza ndi chala chaphazi galimoto n'kugwada. Ndinaima pambali, n'kutulutsa kabuku kanga, n'kulemba kuti: "Kumtunda, kozizira: aulesi. Kumunsi, kotentha: akuthwa. Nkhani yatha." Zoti ndakhala ndikuwaponda pa makona onse aja mpaka madisiki kutentha ngati chiwaya, sizinandidutse m'mutu. Ndinafika kunyumba ndikuimba mluzu.

Lachisanu m'mawa ndinati ndikatenge maliboni. Ndikutuluka pa geti ndinaponda buleki, ndipo kunamveka kulira kwa nkhumba imene ikumangidwa pa njinga. Aneba anatuluka ndi mswachi mkamwa. Choipa kwambiri, galimoto inaima ndithu, koma osati pamene ndinaiuza kuti iime.

Ine sindikhulupirira zongomva m'thupi, ndimayeza. Pali mlambe wina pa msewu wathu pomwe ndimayesera mabuleki: ndikafika pa mlambewo pa liwiro la makilomita makumi anayi, ndimaponda, kenaka n'kutsika kuwerenga mapazi. Mapadi akale aja, otha kale, ankaima pa mapazi khumi ndi awiri. Atsopanowa: khumi ndi asanu ndi anayi.

Ndinaganiza kuti kunali kusanatenthe mokwanira, paja inali isanakwane eyiti. Ndiye ndinaimika galimoto pa dzuwa, pabwalo la mbee, kuyambira leveni koloko mpaka thu koloko, matayala akutsogolo nditawapotoza kuti dzuwa lilowe bwino. Pobwerera, chiwongolero chinali chosagwirika, mpando unandiotcha kudzera mu thalauza. Ndinapita pa mlambe paja ndili ndi chiyembekezo chonse. Mapazi khumi ndi asanu ndi atatu ndi theka. (Theka limenelo ndinalilemba mwachifundo.)

Apa ndinapita kwa a Zuze, makaniko wathu, amene galaja yawo ndi mthunzi wa mtengo wa nimu kuseri kwa msika. Makolo awo anachokera ku Mozambiki, ndipo Chimang'anja chawo chimayenda ndi Chisena m'thumba. Anagwada, anasuzumira kuseri kwa tayala, n'kukhala pansi kuti aseke bwino.

"Shamwali, mwagula mapadi kapena mwagula mlandu?"

Ndinawafotokozera mfundo yanga yonse, ndi kabuku komwe. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anaweramira pa disiki n'kulavulirapo.

"Mwaona? Malovu angokhala phee. Mapadi awa amadzuka pamene malovu akuthawa okha, tsss, ndipo apo ndiye angoyamba kutsegula diso limodzi. Dzuwa lanu likakwiya limafika madigiri makumi anayi ndi kanthu. Awa akufuna mazanamazana. Chikwawa yanuyi kwa iwo ndi Juni wa ku Dedza."

"Nanga paphiri paja?"

"Munawatenthetsa ndi phazi lanu, osati dzuwa. Ndipo ngakhale kudambo kwanu kuja sangakuthandizeni. Pozungulira paja buleki mumaponda kangati? Kamodzi, pang'ono, kwinako mumakoka handibuleki. Adzadzuka liti?"

"Chabwino. Chotsani, muike ena."

"Akale ali kuti?"

"Ku Limbe."

"Kwa ndani?"

"M'bini."

A Zuze anayang'ana kumwamba, m'masamba a nimu.

"A galimoto iyi kuno nkhabe, kulibe. Ndiitanitsa, afika Lolemba."

"Ukwati ndi mawa."

"Ndiye kawauzeni amayi kunyumba, mubwereke galimoto ina. Palibe anafa ndi manyazi a tsiku limodzi."

Anali malangizo abwino, aulere. Koma kukawauza mayi a Tadala kuti galimoto yalephera isanayambe n'komwe kunali kukasaina pikapu ndi dzanja langa. Pa mawu onse anzeru amene a Zuze ananena tsiku limenelo, ine ndinatolapo chiganizo chimodzi chokha: mapadi amatenthedwa ndi phazi. Ataona nkhope yanga anadziwa.

"Mukakakamira, pondani mwamphamvu, musiye mpata waukulu kutsogolo. Ndipo kuno simunabwere."

Loweruka sikisi koloko ndinali kale pa tala, pamalo owongoka pakati pa minda ya nzimbe, nditavala suti yanga yakuda. Kuthamanga, kuponda. Kuthamanga, kuponda. Kakhumi. Mabuleki anadzuka, anasiya kulira, akuluma ngati mmene wamagalasi uja ananenera. Ndinafika kwa apongozi kwa Lundu kota pasiti seveni, mtima uli mbee. Mwambo wa kutchalitchi unali wa eyiti, mtunda makilomita asanu ndi limodzi. Mwa kuwerengera kwanga, kutenthako kukanatifikitsa.

Chimene sindinachiike m'kabuku ndi tsitsi la mkwatibwi. Luwiza anatuluka m'nyumba teni koloko itadutsa ndi mphindi makumi anayi.

Maola atatu onsewo galimoto inali pansi pa mtengo, atsikana ataikulunga maliboni ndi mabaluni moti kuisuntha kukanakhala kupalamula. Cha m'ma naini ndinazemba, n'kugwada kuseri kwa tayala, n'kulavulira pa disiki. Phee. Podzuka ndinapeza mkulu wina wa kumpingo ali chilili pambuyo panga.

"Akamwini, mukutsirika?"

"Ayi bambo, ndikuyeza."

"Eya," anatero, akubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. "Aliyense ndi mayezedwe ake."

Makhalidwe m'galimoto anali motere. Kumbuyo Luwiza, diresi lake litadzaza mpando wonse, mnzake womuperekeza atapanikizika pakona. Kutsogolo, pambali panga, azakhali awo a mayi a Tadala, mayi wamkulu thupi ndi mawu omwe, amene kwa ine ndi apongozi. Pamiyendo anali atanyamula beseni lodzaza ufa woyera woti akathire kumutu kwa makolo potuluka m'tchalitchi, monga timachitira pa chimwemwe. Ndinapempha mwaulemu kuti beseni lipite m'buti.

"Ufa wa chimwemwe sukwera kumbuyo ngati makala," anatero. Nkhani inathera pomwepo.

Chinthu chimodzi chanzeru chimene ndinachita tsiku lonselo ndi kuumirira kuti aliyense amange lamba. Azakhali anadandaula kuti akwinyika chilundu, koma anamanga. Choziziritsa m'galimotomu chinafa kalekale, ndiye ndinatsegula mawindo onse, fani n'kuiika pa mphamvu yake yomaliza. Kutsogolo kwathu kunali lole yodzaza amayi oimba, ng'oma ziwiri ndi zidebe za madzi akumwa. Pa mzere wakumbuyo kwenikweni kwa loleyo, atayang'ana kwa ine, panakhala mayi a Tadala.

Amene anaperekezapo mkwatibwi kumudzi akudziwa kuti ulendo wake suyenda, umakwawa. Paliponse pamene anthu atulukira kumsewu n'kuyamba kuvina, lole imaima. Inaima koyamba tisanatuluke n'komwe m'mudzi. Ndinaponda ndi mwendo wonse, nkhumba ija n'kulira, agalu atatu n'kuyankha.

"Alamu," anatero Luwiza kumbuyoko, "pansipa mwamangapo chiyani?"

"Ndi atsopano, mlamu. Akuzolowera."

"Akulira ngati akukwatiwa ndi iwo."

Kachiwiri inaima pa mjigo. Kachitatu inaima mwadzidzidzi pa kamsika, ndipo ngakhale ndinaponda mpaka msana kunyamuka pa mpando, mphuno ya galimoto inakaima chikhatho chimodzi kuchokera ku chitsulo cha lole. Ndinakweza maso. Mayi a Tadala anali atasiya kuimba. Anangopendeketsa mutu, ndipo m'maso mwawo ndinaona pikapu yoyera itanyamula matumba a mapira.

Ndiye ndinachita chimene ndinkaona ngati nzeru. Ndinaika giya yachiwiri, phazi lamanja pa akiseleta, phazi lamanzere n'kulitsamiritsa pa buleki, osalichotsanso. Cholinga chinali choti mapadi azikhuzika njira yonse mpaka atenthe. Kulira kuja, komwe poyamba kunkabwera mwa apo ndi apo, tsopano kunakhala nyimbo yosadukiza. Amayi a pa lole anaona ngati ndi mpikisano, anakweza mawu. Oimba ng'oma anawonjezera. Anthu ankatuluka m'nyumba kudzaona, ndipo poti anatuluka, ankavina. Kunena zoona, pa kilomita imodzi yathunthu ulendo wathu unali wokoma kuposa uliwonse umene ndinauonapo.

Kenaka kunabwera fungo.

"Akamwini," anatero azakhali, mphuno ili m'mwamba, "chikununkha n'chiyani?"

"Akuotcha nzimbe ku esiteti, amayi."

"Nzimbe ndakhala nazo inu musanabadwe. Nzimbe zikamapsa zimanunkhira shuga. Ichi ndi chitsulo."

Mkamwini satsutsana ndi apongozi, makamaka pamene apongoziwo akunena zoona. Ndinapitiriza ulendo, phazi lili pompo. Ndinaona ndithu kuti kulira kuja kwayamba kuchepa, ndipo ndinasangalala kuti manyazi akutha. Sindinaganize kuti kuchepa kwa kulirako kukutanthauza kuti ng'ona yadzuka.

Titatsala ndi makilomita awiri, lole itatalikirako pang'ono, ng'ombe zinatulukira m'tchire kudzadutsa msewu pakati pa ife ndi loleyo. Kwathu kuno ng'ombe sizipempha njira. Patsogolo panali nkhunzi yotuwa ya linunda lalikulu. Ine, amene m'mawa wonse ndinazolowera kuponda ngati ndikupha njoka, ndinaponda chimodzimodzi, ndi mphamvu zonse za mwendo ndi mantha.

Galimoto inaima ngati yagunda mlambe. Injini inazima. Nkhunzi ija inatsala mapazi atatu kutsogolo, inandiyang'ana, n'kupitiriza ulendo wake.

Anthu tonse malamba anatigwira. Beseni linalibe lamba. Linanyamuka pamiyendo ya azakhali, ufa n'kukamenya galasi lakutsogolo, fani ija n'kuulandira ndi manja awiri. M'kanthawi kochepa m'galimoto monse munali mtambo woyera, ukutulukira m'mawindo onse anayi. Nthawi yomweyo, poti tinali titaima, utsi weniweni wa mapadi unayamba kufuka ku matayala akutsogolo. Amene anali pa lole anaona galimoto ya mkwatibwi ikufuka pansi ndi pamwamba pomwe.

"Motooo! Mkwatibwi akupsa!"

Sindinadziwe kuti amayi ovala zilundu zatsopano angatsike lole mwa liwiro lotero. Anabwera ndi zidebe zija. Choyamba chinapita ku tayala lamanja: tsss! Nthunzi inakwera kuposa denga la galimoto. (Mawu amene a Zuze anandilonjeza aja ndinawamva tsopano, momveka bwino.) Nthunziyo inatsimikizira aliyense kuti moto ulipodi. Chidebe chachiwiri chinapita ku tayala lamanzere. Chachitatu, mayi wina wamtima wabwino anachiponya chonse pa windo la dalaivala, pomwe ine ndinali nditatsegula pakamwa kuti ndifotokoze.

Ufa ukakumana ndi madzi, aliyense akudziwa chimene chimapangika. Ndinakhala pamenepo mu suti yanga yakuda, phala likutsika kuchokera kumutu, kudutsa m'makutu, kulowa m'kolala. Azakhali, duku litapendekera pa khutu limodzi, nsidze zili mbuu, anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana.

"Akamwini," anatero, "nzimbe zija zafika."

Luwiza anali atatsika kale mbali inayo, wouma bwinobwino. Ufa pa diresi loyera suoneka. Anangolikutumula kawiri, mnzake n'kumupukuta kumaso ndi kansalu. Ndinkayembekeza kulira, koma mlamu wanga anali atagwira chitseko, akuseka mpaka kusowa mpweya. Amayi aja ataona kuti mkwatibwi ali moyo ndipo akuseka, nthungululu inaphulika, ng'oma zinayambiranso, ena n'kumatapa ufa wotsala pa mpando kudzithira kumutu pomwepo.

Ndinaliza injini kuti tipitirize. Nditaponda buleki, phazi linangolowa mpaka pansi ngati ndaponda papaya lakupsa. Mafuta a mabuleki anali atawira. Pamenepo ngakhale ine ndinadziwa kuti masewera atha. Galimoto yopanda mabuleki sinyamula mwana wa eni.

"Mlamu," ndinatero, "apa ndiye pothera pake."

"Alamu, mwayesetsa," anayankha akupukuta misozi ya kuseka. "Koma ine ndikufuna kukwatiwa lero."

Lole anaikana, poti kukwera pamenepo ndi diresi limenelo kukanafuna makwerero. Koma phokoso lija linali litaitana akabaza onse a m'deralo. Luwiza anasankha njinga ya mpando wa buluu, anakhala cham'mbali ngati mfumukazi, mnzake n'kukwera ina pambuyo atanyamula mchira wa diresi. Akabaza enawo, popanda wowapempha, anafola uku ndi uku. Ndinawerenga njinga khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ananyamuka mabelu onse akulira, lole ikutsatira, azakhali ali kutsogolo kwa loleyo ndi beseni lopanda kanthu.

Asanakwere, mayi a Tadala anabwera pa windo langa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka pa tayi. Anatambasula chala n'kuchotsa phala pa chikope changa kuti ndiwaone bwino.

"Bambo a Tadala."

"Mayi."

"Pikapu."

Anatembenuka n'kumapita, koma mapewa awo ankagwedezeka, ndipo sikunali kulira.

Ine ndi anthu a pamenepo tinaikankhira galimoto pansi pa mtengo. Ndinakasamba kumaso pa mjigo, n'kuyenda wapansi makilomita awiri aja. Dzuwa limene linakana kutenthetsa mapadi anga linaumitsa suti yanga m'mphindi khumi, moti polowa m'tchalitchi ndinkayenda ngati ndavala makatoni. Ndinapeza akulumbira. Luwiza anandiona pakhomo, n'kuluma mlomo, abusa mpaka anabwereza funso. Ku madyerero, amalume a mkwati anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kunena kuti akhala pa maukwati ambiri, koma mkwatibwi wobwera ndi mabelu khumi ndi asanu ndi awiri anali asanamuonepo. Ndinavina mpaka suti inafewa.

Lolemba a Zuze anaikoka galimoto ija. Anaika mapadi apakati aja, omwe wamagalasi anandilozera poyamba, anasintha mafuta a mabuleki ndi madisiki onse awiri, poti madzi ozizira pa chitsulo chamoto anali atawapinda. Sananene kuti "ndinakuuzani". Anangoimba kanyimbo ka ukwati nthawi yonse imene ankagwira ntchito. Pa mlambe paja: mapazi khumi ndi limodzi, popanda phokoso, seveni koloko m'mawa.

Ndinayesa kuchita apilo kunyumba. Ndinati Luwiza anafika, anthu anasangalala, akuchimuna anayamikira, manyazi ali pati?

"Anafika pa galimoto yanu?"

"Mbali yaikulu ya ulendo, makilomita anayi mwa asanu ndi limodzi..."

"Pakhomo la tchalitchi anafika pa chiyani?"

Pangano ndi pangano. Pepala lolembedwa kuti IKUGULITSIDWA linamatidwa pa galasi lakumbuyo, ndipo ndinalimata ndekha. Ogula anabwera atatu. Woyamba, wa ku Ngabu, anaizungulira kamodzi n'kuima.

"Si ija inapsa pa ukwati kwa Lundu?"

"Siinapse. Unali ufa."

"Nanga utsi?"

"Utsi unalipo ndithu."

"Mabuleki akuti anakana?"

"Anakana, kenaka anavomera kwambiri, kenaka anakaniratu."

Anapita osatsanzika. Wachiwiri, wa ku Bangula, anafunsa mafunso omwewo, ndipo ndinamuyankha mosabisa kanthu, mpaka ndi mapazi a pa mlambe. Wachitatu sanabwere kudzagula, anangofuna kujambulitsa pambali pake. Chibadwire sindinakondepo kunena zoona ngati masiku amenewo.

Patatha miyezi iwiri pepala lija linali litayera ndi dzuwa, zilembo zosawerengeka. Tsiku lina m'mawa mayi a Tadala analimatula okha, n'kulipinda.

"Chigwa chonse chino palibe akuifuna. Ikhala."

Ndinatsala pang'ono kuvina. Kenaka ndinaona kuti dzanja lawo latambasuka, chikhatho chili m'mwamba.

"Makiyi."

Laisensi anali nayo kuyambira kale, kungoti ndinali ndisanawapatsepo mpata. Lero galimoto yofiira ilipo pakhomo, imapita kumsika, imapita kwa Lundu, ndipo m'buti mwake mwapezeka kuti thumba limodzi la mapira limalowa bwinobwino. Makiyi amakhala m'chikwama chawo. Lamulungu ndikafuna kupita kudambo ndimapempha Lachisanu, ndipo chilichonse chogulira galimotoyo chimayamba chadutsa kwa a Zuze, kenaka kwa iwo, ine n'kumva pomaliza.

Phunziro ndalitola: wogulitsa akakukaniza katundu wake yemwe, mvere, ndipo kabuku kako usakakhulupirire kuposa makaniko. Komabe pali mfundo imodzi imene pa Nchalo ponse palibe amaitchula, ndipo ndi yoona: nkhunzi ija sindinaigunde. Mapazi atatu athunthu. Ndimayesa kuikumbutsa mfundoyi tikamayenda, ndili pa mpando wa kumanzere, koma ndikangofika pa "mapazi", mayi a Tadala amakweza wailesi.